Kunenepa kwa Vaileti

Nsadzo, 9 Juni 1994

Mng'ono wanga Vaileti,

Moni wa ku Nsadzo. Uli bwanji ku Tete kumeneko, iwe ndi mwana wako Marlene? Nanga alongo athu a Estevão ndi alamu a Sónia? Ife kuno tilipo, kukhalapo kwake kwa anthu amene anabwerera kwawo n'kupeza mitengo itamera m'nyumba.

Chithunzi chija chafika. Abale inu, Vaileti, ndiwe ameneyu? Ndinafuna kumuthamangira shofeli wa kamyau, lole yobweretsa makalata ija, kuti mwina wandipatsa cha mkazi wa bwana wina. Wanenepatu iwe! Masaya phwii, khosi lamira, chitenje chikuchita kukana kukumana. Si tonse tinachoka ku Ukwimi, ku Zambia kuja, tili nthiti zokhazokha? Lero wasanduka dona. Kodi mukudya chiyani kumeneko? Azimayi a kutchalitchi alandirana chithunzicho mpaka chada m'mbali. Ati, "Mng'ono wako ndiye anasankha bwino." Ine ndinaseka nawo, koma ndisakubisire, nsanje inandigwira pakhosi. Mimba imodzi, nkhondo imodzi, koma wina akudya mkate, wina akukumba mpama kuthengo.

Paja unati thupi lafooka, ndiye alongo athu anakutenga kuti ukapume mpaka nyumba ithe. Chabwino, nyumba yatha. Amuna ako a Lemani afolera bwinobwino, ndipo chitseko asema okha, cha mlombwa, cholemera moti mwana sangachikankhe. Mudzi wonse palibe chitseko chotero. Munda wa amayi wa kudambo uja sitinaukhudze, ochotsa mabomba sanafikeko. Talima kumtunda kokha. Alamu a Lemani akutumizira mtedza wa m'munda mwawo, uli m'kathumba ka buluu.

Kuwaphikira ndine, kuwachapira ndine, kuzira nyumba yako ndine, pamwamba pa ana anga. Poti amuna anga inawadya nkhondo, anthu amaona ngati manja anga alibe ntchito. Sindikudandaula ayi, ndikungonena kuti udziwe.

Chithunzicho alamu anachiyang'ana nthawi yaitali osaseka. Kenako anangofunsa kuti, "Anawajambula ndani?" Ine ndinati sindikudziwa.

Ubwera liti? Ukamayankha utumizeko mchere ndi sopo. Mchere kuno ukusowa, ndiwo tikungomeza.

Ndine mkulu wako,
Yudita


Tete, 3 Julayi 1994

Mana Yudita,

Kalata yanu ndalandira, mkulu wanga, ndi mtedza womwe. Muli bwanji inu ndi ana? Nanga amalume a Yeremiya, akukonzabe njinga? Marlene ali bwino, wayamba shikola, Chipwitikizi chikumupotokola lilime.

Mukuti ndasanduka dona. Mana, dona wake uti amene akakhala pamphasa amadzuka chogwira khoma? Wojambula uja anatenga kuyambira m'chiuno kupita kumwamba. Akanatsitsa makina ake mukanaiona miyendo, timitengo tiwiri tikusenza nkhokwe. Mkate mukunenawo ndimauona Lamlungu lokha.

Ndikuuzeni za ife akazi. Kumwezi sindinapiteko kuyambira chaka chatha. Mimba yakula, ndipo yatuluka mizere yofiirira ngati wina wandikwapula ndi lamba. Pachibwano pamera tindevu, ndimakazula kubafa anthu asakuona. Kuseri kwa khosi kwatuluka linunda. Ndikagunda mpando pang'ono pokha, pamada sabata yonse. Galasi ndinalitembenuzira kukhoma.

Pafupi ndi ife pamakhala a Osvaldo, anamwino a kuchipatala chachikulu. Tsiku lina anandipeza pampopi ndikulephera kutukula ndowa. Anandiyang'ana, nandiyang'ananso, kenako anati, "Mayi, uku si kunenepa." Ndi iwowo amene ananditengera kwa dotolo. Dotolo anapeza kuti magazi akuthamanga kwambiri, anayezanso mkodzo. Akuti patsala kuyeza kwina, kumene kuno amati analize, ndipo zina zimapita ku Maputo pa ndege. Ndiye kubwera panopa sindingathe, mana, ngakhale mtima uli komweko.

Izi musawauze bambo a Marlene, ndakugwirani mwendo. Mtima wawo mukuudziwa. Si aja anandiletsa kutunga pamjigo wa pafupi ndi apolisi ku Ukwimi, n'kumayenda mtunda wonse uja ndi ndowa? Ndidzawalembera ndekha ndikadziwa dzina la matendawa. Pakali pano muwauze kuti chitseko chawocho ndikuchilota.

Zikomo powasamalira, Mulungu yekha ndiye angakubwezereni. Thumba la mchere ndatumiza, ndi sopo.

Mng'ono wanu,
Vaileti


Nsadzo, 1 Ogasiti 1994

Mayi a Marlene,

Moni. Mwana ali bwanji? Za inu sindifunsa, ndamva kale kuti muli bwino kwambiri, bwino anthu awiri.

Alamu a Yudita musawakwiyire. Sanafune kundiuza, ndinachita kuwaumiriza, koma atayamba sanasiyeko kanthu.

Ine sukulu sindinapite patali, koma si ine chitsiru. Ku Ukwimi ndinasesapo pakiliniki, zinthu ndinaziona. Malungo amayeza magazi a pachala. Chifuwa amayeza makhololo. Mkazi akasiya kumwezi, mimba n'kukula, a chipatala n'kuitanitsa mkodzo, amakhala akuyeza chinthu chimodzi, ndipo ngakhale mwana amachidziwa. Ine ndi inu tinagona mphasa imodzi komaliza tisanakwere galimoto yobwerera kuno, mvula ya chaka chatha isanayambe. Ngati mimbayo ndi yanga, ndiye kuti mukubereka njovu.

Osvaldo ameneyu ndani? Mwamuna wanji amene amaima pampopi kuyang'ana mkazi wa mwini, n'kumuyang'ananso, mpaka kudziwa za m'kati mwa chitenje? Akukutengerani kwa dotolo ngati ndani wanu? Mlamu wanga Estevão miyendo inathyoka?

Ine kuno ndagwetsa mitengo mpaka manja kuchita matuza, ndaponda malo osadziwa ngati pansi pali bomba, kuti inu mudzapeze pogona. Chitseko ndinasema mwezi wathunthu. Lero ndikachitsegula ndimachita manyazi. Ndikayang'ana masaya aja pachithunzi sindiona inu, ndimaona dzanja limene likukudyetsani. Nsanje ikundidya, sindikukana, ndipo ndili ndi chifukwa.

Mukwere kamyau yoyamba mubwere, azimayi akuluakulu adzakuoneni. Mukapanda kubwera ndipita kwa amalume anu a Yeremiya, poti ankhoswe ndi iwowo.

Lemani


Tete, 12 Seputembala 1994

Bambo a Marlene,

Moni wanu wozizira uja ndaulandira. Mwana ali bwino. Ine sindili bwino, ngakhale simunafunse.

Njovu! Zoona inu, bambo a Marlene, ine ndi wobereka njovu? Tinagona limodzi m'tchire tikuthawa, ndinakutafunirani chinangwa mutatupa nkhama, lero mwandiona kuti ndine wotero? Mwasesa pakiliniki basi mwasanduka dotolo. Khalani pansi ndikuphunzitseni za mkodzo, poti mwaukonda.

Wa mimba ndi wa m'kabotolo kakang'ono. Umenewo anayeza tsiku loyamba lomwe, anapeza mulibe kanthu. Uwu ndi wina. Anandipatsa chigubu chonga cha palafini, ati kuyambira m'mawa mpaka m'mawa winawo dontho lililonse ligwere m'menemo, osataya. Ndinakhala pakhomo ngati mbuzi yomangirira, kulondera chigubu. Popita nacho kuchipatala ndinachikulunga m'chitenje, ndili m'galimoto ya anthu thithithi. Bambo wina anachigunda ndi bondo, namva khuvukhuvu, ati, "Mayi, kachasuyu mungatilawitseko?" Ndinati, "Uyu ndi wa dotolo, inu simungamuthe." Manyazi onsewo ndawasenza ndekha, inu muli uko kuwerenga miyezi.

Atatero anandipatsa kam'bulu kamodzi koti ndimwe pogona, m'mawa n'kukatengetsa magazi. Dotolo anandifotokozera, ndipo ndikuuzani mmene ndinamvera. M'thupi muli madzi ena otchedwa kotizolo, amene amapatsa munthu mphamvu pa nthawi ya zoopsa, monga muja tinkathawa ndi mwana kumsana osamva minga. Zoopsa zikatha madziwo amayenera kuchepa. Mwa ine akuoneka kuti sakuchepa. Ndinamuuza dotolo kuti ndiye kuti thupi langa silinamve kuti nkhondo inatha, iye anaseka, ati tingatero. Kam'bulu kaja ndi kouza thupi kuti leka. Thupi labwino limamva. Akufuna aone ngati langa limva. Magazi ndi mkodzo zapita ku Maputo, ndipo yankho lichedwa.

Za a Osvaldo sindikuuzani kanthu. Mmene mwawajambulira m'mutu mwanumo akhale momwemo, akudyeni bwino.

Kubwera kudzavulidwa ndi azimayi ngati namwali wogwidwa, ayi, zimenezo sindichita. Mana Yudita nawo ndawaona, chinsinsi kwa iwo ndi madzi a m'lichero.

Mawu awa muwerenge kawiri. Ine sindinanenepe, ndatupa. Nkhope yatupa, mimba yatupa, mapazi akamafika madzulo amakhala atatupa. Mkazi wanu akudwala. Kwa amalume pitani ngati mukufuna, mukawawerengere kalatayi mokweza, musadumphe liwu.

Vaileti


Nsadzo, 2 Novembala 1994

Vaileti, mwana wa amayi,

Uli bwanji? Ukupezako bwanji? Kuno tavota, chala chidakali chakuda. Koma nkhani si imeneyo.

Wayatsatu moto. Alamu anaisunga kalata yako masabata angapo, kenako Lamlungu lina titaweruka anapita nayo kwa amalume, pachisakasa chawo cha njinga. Ine ndinalipo, ndi akazi a amalume, a Felismina. Anawerenga mokweza monga unanenera, akuchita kutsindika kuti akuchititse manyazi. Pa chigubu paja amalume anaseka mpaka kutsokomola. Koma atafika poti "ndatupa", amalume anaika sipanala pansi.

"Bwerezani pamenepo, mkamwini."

Alamu anabwereza. A Felismina anagwira pakamwa. Ati, "Nkhope kutupa, mapazi kutupa, mimba mulibe? Ameneyu sananenepe. Ili ndi tsempho."

Ukudziwa mmene akulu amanenera, kuti mwamuna akayenda panja, mkazi wake n'kudya chochokera m'manja mwake, amatupa mpaka kufa. A Felismina anafunsa pomwepo kuti, "Mtedza uja munatumiza, sanadye?" Alamu thukuta kamukamu. Anapita kukasuma, anabwerako mlandu uli pamutu pawo.

Tsopano mudzi wonse uli manong'onong'o, ati mkaziyo ndani. Akuyang'ana aliyense wopanda mwamuna. Ine kumjigo ndikupita anthu atachokako. Alamu ndasiya kuwaphikira, akudziphikira okha.

Vaileti, lemba msanga. Lemba kuti unaphonya mawu, kuti wangonenepa basi. Kunenepa n'kwabwino, mng'ono wanga, ndani amadana nako? Zimene ndinanena za chithunzi zija usazisunge, inali nsanje chabe. Unaoneka bwino, zoonadi, unaoneka ngati amayi nthawi ya mtendere wakale. Mwina ndi chakudya cha m'tauni chakuyanja. Madotolo nawo amakonda kukulitsa nkhani.

Amalume ati mvula ikakhazikika iwe usanalembe, aphika mankhwala a tsempho, ndipo ukudziwa mmene mankhwala amenewo amathirira mchere. Liwu limodzi lokha, Vaileti, "ndanenepa". Kodi n'lolemera? Ndikanakhala ine ndikanalemba lero lomwe.

Mkulu wako amene anakubereka kumsana,
Yudita


Tete, 28 Novembala 1994

Bambo a Marlene, amuna anga,

Muli bwanji? Mwadzala kale? Marlene akuti ndikuuzeni kuti akutha kuwerenga mpaka zana. Lero ndikulemba mtima uli m'malo, mkwiyo uja unaphwa.

Yankho labwera. Kam'bulu koyamba kaja thupi langa silinakamve n'komwe, ndipo m'chigubu muja anapezamo kotizolo wochuluka moti dotolo anaimba mluzu. Ndiye mwezi watha anandigoneka m'chipatala masiku ochepa, nandimwetsa mibulu yamphamvu, natenganso magazi. Ulendo uno kotizolo uja anatsika. Dotolo anakondwa ngati wapha nyama. Akuti kotizoloyu amapangidwa pamwamba pa impso, ndipo vuto likakhala pamenepo silimva ngakhale ufuule. Langa linamva atafuula, ndiye kuti wolakwa ali m'mutu. Pansi pa bongo, kuseri kwa mphuno, pali kachiwalo konga nyemba, amakatcha hipofize, ndiye kapitawo wa ziwalo zinzake. Pa kameneko pamera kachotupa, ndipo kapitawoyo wangokhalira kulamula kuti onjezani, onjezani. Mu Januwale ndipita ku Maputo akandijambule m'mutu, mwina akachotse. Ati amalowera m'mphuno. Ndikuopa, bambo a Marlene, sindikunama.

Mana anandilembera za tsempho. Poyamba ndinaseka, ndinati chaona mnzako chapita, alaweko nawo kunamiziridwa. Koma kenako zinandiwawa. Ndinamufunsa dotolo, a Osvaldo akumasulira, ngati mwamuna angamuchite mkazi wake zotere. Anati, "Ichi mwina chinayamba kumera mudakali ku Zambia. Palibe munthu anachiika. Si mtedza, si mchere."

Ndiye tengani kalatayi mukawawerengere amalume, asaphike kanthu. Musalole kuti akuimikeni pamaso pa anthu. Ndinu ansanje, ndinu aukali, pakamwa panu pali minga, koma ndimakudziwani. Munthu wosema chitseko mwezi wathunthu chifukwa cha mkazi wake sangatsegulire wina. Mana akufuna ndilembe kuti ndanenepa. Bodza limenelo sindingalembe, koma izi zikwana. Muwauze asaope anthu, ayambirenso kukuphikirani, mungadzawonde.

A Osvaldo anu aja ndi nkhalamba, mutu uli mbuu, zidzukulu zodzaza bwalo, ndipo amanditchula kuti mwanawe. Ndinakubisirani dala. Nsanje yanuyo inkandikomera pang'ono, poti ine ndikadziyang'ana sindionanso chimene mwamuna angachitire nsanje.

Mukamaliza kupalira mubwere kuno, mudzandiperekeze ku Maputo. Ndikadzuka pa mpeni paja ndikufuna ndidzaone nkhope yanu yokwinyayo.

Mkazi wanu,
Vaileti


Nsadzo, 19 Disembala 1994

Kwa mbumba yanga Vaileti,

Ndikupereka moni kwa iwe, kwa Estevão ndi banja lake, ndi kwa kamdzukulu kanga. Ndikufunsa za moyo wako, ndipo ndikupempha Mulungu kuti kalatayi ikupeze ukupuma. Ine si mlembi, ntchito yanga ndi maunyolo a njinga, ndiye upirire ndi zilembo zangazi.

Tinadikira mawu ako, sanabwere. Mvula inagwa yambiri, mtsinje wa Luwiya unadzaza, makamyau anaima tsidya lija. Kenako munthu wina wa panjinga amene anaonana ndi Estevão anatiuza kuti unagonekedwa m'chipatala. Pamenepo ndinati mwana wa mlongo wanga akufa ine ndikuyang'ana. Azakhali ako a Felismina anakumba mizu, naphika. Mudzi sindinaitane, ndinaitana a pakhomo okha.

Ndinati, "Mankhwala awa sagwira ntchito pokhapokha awiri amene anachimwawo athiremo mchere ndi manja awo. Mkamwini, ngati muli oyera khalani pansi, palibe akukakamizeni. Ngati ayi, kumbukirani kuti mayi wa mwana wanu ali pakati pa moyo ndi imfa."

Lemani ananyamuka, natapa mchere wathu, nathira. Ndinamufunsa dzina la mkaziyo, anangoyang'ana pansi. Azakhali ako anati, "Dzanja limodzi silikwana. Ngati n'choncho tiyeni tizinola makasu a kumanda."

Kenako mkulu wako Yudita ananyamuka. Ine ndinkayesa akukaona mwana amene ankalira. Analowa m'nyumba mwake, natuluka ndi thumba la mchere lija unamutumizira, natapa, nathira mumphika. Sanayang'ane munthu. Anangoti, "Mutumize msanga."

Ine nkhondo ndinaiona, koma zotere sindinazionepo.

Mankhwalawo tawaumitsa, ali m'kansalu kamene kali ndi kalatayi. Uzithira pang'ono m'phala. Za ukwati sindinagamule kanthu. Nyumba ili pa dothi la amayi ako, mwini wake ndiwe, tidikira mawu ako.

Malume wako,
Yeremiya

Ndamatulanso kalatayi. Madzi aphwa, ndipo kamyau yafika dzulo ndi kalata yako ya pa 28 Novembala. Lemani anabwera nayo kuno monga unamuuzira. Anawerenga bwino za m'mutu zija, koma atafika pa mawu a chitseko paja anaisiya pachishalo cha njinga n'kutuluka. Ndinamaliza ndine. Yudita anati ndibwereze pamene dotolo akuti si mchere. Ndinabwereza. Anati, "Ndiye kuti ndinaimirira chabe?" Mankhwala ndatumizabe, poti ndi ophika kale.


Nsadzo, 20 Disembala 1994

Mayi a Marlene,

Muli bwanji? Ulendo uno ndikufunsa.

Amalume akuuzani zonse, ine ndilibe pakamwa. Ndinkayesa mwanditaya, mutu unazungulira. Kupalira nditha kusiya, chimanga chife, ndibwere ndi kamyau yomweyi ikamadzabweranso. Mungondiuza kuti bwerani.

Ngati simundifuna, nanga ku Maputo mupita ndi ndani? Ndege imeneyo mukhala ndi ndani pampando?

Lemani


Tete, 8 Januwale 1995

Mana Yudita,

Muli bwanji inu ndi ana? Moni ndapereka chifukwa amayi anatiphunzitsa kutero.

Kalata ya amalume ndinaiwerengera pampopi, ndowa inadzaza mpaka kusefukira ine osaona. Nsanje ija munkanena kuti inakugwirani pakhosi, ndaidziwa tsopano. Ine yandigwira m'mimba momwe muli mizere yofiiramu. Ndimakuonani mukuwapakulira, mukuwathirira madzi m'manja, mukukankha chitseko changa chimene ine sindinachikhudzepo. Inu woonda bwino, chibwano chosalala. Munkasirira masaya anga, mana? Bwerani mudzatenge, ndi linunda lomwe, ndi ndevu.

Bambo a Marlene aja anatha kuwerenga miyezi ya mimba yanga, koma palibe ndi mmodzi yemwe anawerenga kuti chithunzi chinafika kwanuko mtedza usananyamuke. Ndinatupa kale ndisanadye kanthu ka m'manja mwawo. Kaya inu munayamba liti, mu Ogasiti kapena kale, sindifunsa. Ndingamve zoti ndisagone nazo ku Maputo.

Bambo a Marlene muwauze asasiye chimanga, kuno asabwere. Akufunsa kuti pampando ndikhala ndi ndani, mpaka lero sanachire. Ndikhala ndi alamu a Sónia. Akakolola azule chitseko chawo apite nacho kwawo ku Mualadzi. Mwana azidzamuona, ndi wawo. Ine ndikabwera ndidzatseka ndi mphasa. Amalume ndawalembera zomwezi.

Munafunsa ngati munaimirira chabe. Mukanatha kukhala pansi, mana. Bambo a Marlene dzina anali atalimeza, ndipo kamyau inali m'njira. Munaimirira chifukwa munkayesa ndikufa. Chimenecho sindidzaiwala, ndipo chinacho sindidzaiwalanso. Ndizisenza zonse ziwiri. Mukhalabe mkulu wanga, poti wina ndilibe, koma tsiku lodzakumana musadzayambe ndinu kulankhula. Mukadzandiona nditawonda musadzandimvere chisoni, kudzakhala kuchira kumeneko.

Tinyamuka Lachinayi. Mundipempherere ngati mungathe.

Mankhwala ndabweza osamasula, si mwano ayi. Dotolo anandiletsa mchere tsiku loyamba lomwe, chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Thumba lija ndinakutumizirani mu Julayi silinali logula, linali gawo langa la pakhomo pano. Ndinati poti ine sindingadye, adye mana ndi amuna anga, ndiwo ziwakomere. Ndaona kuti zinakukomeranidi.

Mng'ono wanu,
Vaileti